Mzungu Akatalikitsa Liwu

Fungo la mlombwa wosemedwa kumene likandipeza, kaya ndi pa msika wa mipando kaya pakhomo pa kalipentala, ndimapezeka ndabwelela kwathu ku Kalindawalo, kuseli kwa nyumba ya udzu, pansi pa mtengo wa mango pamene ambuya anga aamuna, aYotamu Banda, ankakhala pa kachitsa atapana mtondo watsopano pakati pa miyendo, utsi wa fodya wawo wopichila m'khoko la chimanga ukukwela pang'onopang'ono n'kusakanikilana ndi kununkhila kwa zibenthu zofiila zimene zinkawakwilila mapazi. Chapatali amama ankasinja, nkhunda zikulila pa denga la nkhokwe, ndipo pakati pa phokoso lonselo pankamveka mawu a ambuya akuyankhula okha. Sichinali Chinsenga cha amama, sichinali Chichewa chakwawo ku Katete. Chinali Chizungu, komanso osati Chizungu wamba cha gudumoning'i ayi. Anali mawu aatali, otalika moti kasemasema kankagwa kangapo liwu limodzi lisanathe. In, kho! Com, kho! Pre, kho! Hen, kho! Akalimaliza ankapuma, n'kuuzila zibenthu, n'kuyamba lina.

Ine ndinali kamtsikana kosamva kuitana, kofunsa mpaka akulu kutopa. Amama akandituma kumadzi, njila yanga inkadzela kumango, ngakhale chitsime chinali mbali ina.

"Wabwela mkazi wanga," ankatelo ambuya, pakuti kwathu mdzukulu wamkazi ndi mkazi wa ambuya ake pa nthabwala. "Wandiphikila chiyani lelo?"

"Palibe. Ndabwela kudzatenga liwu."

"Ha! Mkazi wotani uyu, wongodziwa kutenga? Ndikusiya ine, ndikakwatila ku Msanzala."

Koma liwu ankandipatsa ndithu.

Ambuya anali mkamwini. Anachoka ku Katete ali mnyamata n'kudzakwatila m'mudzi wa ambuya aakazi, ndipo imvi zinawapeza ali mkamwini yemweyo. Munda umene ankalima unali wa akazi awo, ana amene anabeleka anali a mbumba ya eni ake, ndipo pa nkhani za banja ankakhala kumapeto kwa mphasa, kumene munthu amamva zonse koma safunsidwa. Chuma chawochawo, chimene palibe akanawalanda, chinali mawuwo. Anawatenga ku Sozibele, mzinda wa azungu wa kutali kumwela, kumene anagwila nchito zaka zambili m'nyumba ya mzungu woweluza milandu, atavala jekete yoyela, akupelekela zakudya patebulo. Kuwelenga sankadziwa, ngakhale dzina lawo lomwe.

"Ife anchito ankatiponyela mawu aafupi," ankandiuza. "Bwela. Pita. Fulumila. Aatali ankadyelana okhaokha. Ndiye ine ndili chiimile kumbuyo kwa mpando ndi mbale ya supu, makutu ali tcheu, ndinkatola amene agwa. Ndikapita kukhitchini ndinkawabweleza ndikutsuka mafoloko kuti asandithawe."

Pano ndikuwalemba monga ndinawapeza m'mabuku nditakula, koma pakamwa pa ambuya ankatuluka atafewa, atazolowela lilime la kwathu. Tanthauzo lake ankalitenga pa nkhope za azungu ndi pa zimene zinkachitika liwulo likanenedwa. Mbuzi ikalowetsa mutu m'nkhokwe, ankaithamangitsa ndi mpini akukuwa kuti, "Misappropriation!" Ndiwo zikachepa mchele, ankakankha mbale n'kunena modandaula kuti, "Incomprehensible," chifukwa dona, mkazi wa woweluza uja, ankanena zomwezo wophika akalakwitsa. Ambuya aakazi analibe nazo nthawi. Ankangokoka mbaleyo n'kunena kuti, "Idyani Chizungu chanucho mukhute, ndiwo musiyile ana."

Anandiphunzitsa kagwilidwe kake. "Liwu lalitali ndi nzimbe, sumeza yonse. Upeze mfundo zake, udule, utafune imodziimodzi." Ndiye ndinkawelenga mfundozo pa zala, kenako n'kukalisinja mumtondo, munsi ukagwa mfundo imodzi, ukagwanso ina, mpaka liwu litakhazikika m'mutu. Amama ankati tsiku lina ufa wathu udzatiyankha m'Chizungu.

Koma ine kugwila kokha sikunkandikwanila. Mafunso ankandiyabwa. N'chifukwa chiyani munthu angafune liwu lotalika chonchi, pamene mpweya m'chifuwa ndi wochepa? Nanga nyumba ikamapsa, mzungu amakwanitsa kulimaliza? Kodi ana awo amabadwa nawo mawuwa, kapena amawapatsa akatha msinkhu monga amachitila anamkungwi? Kodi alipo amene amawapanga, monga ambuya ankapangila mitondo? Ambuya ankayankha funso lililonse. Pa zaka zonsezo sindinawamvepo akunena kuti sadziwa. Funso likawathina ankakhosomola, n'kukweza chibwano, n'kuyang'ana m'nthambi za mango, ndipo posachedwa tanthauzo linkatsika.

Munthu amene ankawanyadila kuposa ine anali aSakala, mlongo wa ambuya aakazi. Iwo ndiwo anali mwini mbumba yathu, kutanthauza kuti mwana akadwala kapena akafuna kukwatiwa, mawu omaliza anali awo. Anali munthu wofatsa, wamantha pang'ono, wokonda kuseka. Pa nkhani za banja sankawafunsa ambuya, mwambo sunkalola, koma pa mowa ankawakokela pafupi. "Alamu, khalani apa. Anthu awa sanamvepo Chizungu chenicheni."

Tsiku lina titakolola mtedza kunali mowa kwa aSakala, ife ana tikusuzumila pa mpanda. Kunabwela mnyamata wina wochokela ku migodi, wa nsapato zosongoka ndi chipewa chopendekeka, amene anayamba kuwaza Chizungu kuti atsikana amuone. aSakala anamukodola. "Iwe, tayesa nkhalamba iyi."

Mnyamata anakoka kolala. "Responsibility!"

Ambuya osadzuka n'komwe. "Circumstantial."

"Accommodation!"

"Unconstitutional."

Azimayi ankaimba nthungululu pa liwu lililonse, ngakhale panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankamva kanthu. Ankangoyesa kutalika. Mnyamata thukuta linayamba kutsika, mawu ake akufupikilafupikila. Pomaliza ambuya anaika chipanda pansi, anaimilila, anakoka mpweya mpaka nthiti kuoneka, n'kutulutsa liwu limene ankati azungu eni ake ankapikisana nalo akaledzela.

"Antidisestablishmentarianism!"

Galu wa aSakala anathawila kuseli kwa khola. Mnyamata uja anavula chipewa. "Litanthauza chiyani, mdala?"

Ambuya anakhosomola, n'kuyang'ana kumwamba. "Litanthauza kuti phwando latha, aliyense kwawo."

aSakala anaseka mpaka kugwa pa mpando, akumenya pansi ndi dzanja. "Alamu anga amenewo! Alamu anga!" Tsiku limenelo ndinayenda m'mudzi mapewa ali m'mwamba ngati ndapambana ndine.

Zinali zaka za Chitaganya, pamene azungu anaphatikiza maiko atatu pansi pa boma limodzi, ndipo mawu aatali anali atayamba kufika ngakhale kumudzi. Ankabwela ndi amesenjala a ku Boma, ndi alangizi a zaulimi, ndi anthu otsika basi pa Petauke. Federation. Amalgamation. Anthu ankabwela nawo kumango kuti ambuya awaone, monga umachitila ndi bowa amene sukumudziwa. Ambuya sankawakonda mawu amenewa. Ankati ku nyumba ya woweluza uja, munthu akakhala woti anyongedwa, mawu a patebulo ankatalika kuposa masiku onse. Ankatinso tsiku limene mwana wa dona anamwalila, dokotala anaima pakhomo n'kunena liwu limodzi lokha, lalitali, dona n'kugwa pansi. Ndiye anali ndi lamulo lawo, ndipo ankalikhulupililadi. "Mzungu akafupikitsa liwu, wakwiya chabe. Akatalikitsa, konzani makasu." Ankanena makasu okumbila manda.

Lamuloli linakhwima pamene aDaka, oyandikana nafe nyumba, anabwela kuchokela ku migodi atawonda, akutsokomola. Akazi awo anafika kumango ndi liwu limene anauzidwa kuchipatala, akulinong'ona njila yonse kuti lisatayike. Tuberculosis. Ambuya anawelenga mfundo pa zala, zinadzaza dzanja lonse, n'kupukusa mutu. Mvula isanagwe tinawaika aDaka. Kuyambila pamenepo lamulo la ambuya linasanduka mwambi wa mudzi wonse, ndipo ngakhale nkhalamba zosadziwa yesi kapena no zinkalinena.

Chaka chotsatila ndinapunthwa pa chitsa pothamangitsa nkhuku, n'kudzigunda pa msongolo. Magazi sanatuluke, ndipo ndinadzuka n'kupitiliza kuthamanga. Patapita masiku mwendo unatupa, unatentha, khungu n'kuyamba kunyezimila. Ananditema mphini, anandithowa ndi masamba, koma ululu unkangolowela m'kati, mpaka ndinkakuwa munthu akangogunda mphasa. Atata anali ku migodi. Amama ndi aSakala anabweleka ngolo ya ng'ombe, anandigoneka pa mapesi, tinayenda m'fumbi la m'chilimwe, mwala uliwonse wa m'njila ukundilasa m'fupa, mpaka tinafika ku chipatala cha amishoni cha kufupi ndi mseu waukulu.

M'chipinda cha odwala munkanunkha mankhwala otsukila pansi ndi mabulangete akale. Dokotala anali mzungu wamtali, wotopa m'maso, akuyenda ndi womuthandiza, aMwale, amene ankamasulila. Anandidina pa msongolo, ine n'kukuwa, iye n'kutembenukila kwa aMwale n'kunena liwu limodzi. Taonani chizolowezi! Ngakhale ndinali mu ululu wotelo, zala zanga zinayamba zokha kuwelenga pa chitsulo cha bedi. Os, te, o, my, e, li, tis. aMwale anangoti, "Amai, mailo m'mawa dokotala adzang'amba mwendowu. Asadye kanthu." Odwala anali ambili, ena atagona pansi, ndipo awiliwo anapitilila.

"Anati chiyani mzungu?" anafunsa amama.

"Osteomyelitis!" ndinatelo ine monyada, mfundo zonse zili m'malo mwake. Ndinkaganiza za mmene ambuya adzakondwele ndi liwu latsopano.

Amama anayang'ana zala zanga. Dzanja limodzi linali litatha, nditalowa lachiwili. Anagwila kumutu. "Mayo ine! Laposa la aDaka!"

aSakala anakhala pansi pa simenti, chipewa chili pa mawondo. Pamenepo ndi pamene mantha anandigwila, chifukwa lamulo lija nanenso ndinkalidziwa, ndinangoliiwala chifukwa cha kukoma kwa liwu.

"Ngati ndi imfa," anatelo aSakala, misozi ili m'maso, "akafele kwawo ali wathunthu. Kung'amba kumene akunenaku ndi kudula. Sitingaike mwana wa mwendo umodzi, wina utatsala kwa azungu. Tikawauza chiyani makolo?" Koma mtima wawo sunalole kunyamuka alamu awo asanalimve liwulo, ndiye anatuma munthu wa njinga kumudzi.

Ambuya anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, atavala jekete ija ya ku Sozibele imene inali itasanduka yachikasu. Anandipeza atanditulutsa kale panja, ndili pa mphasa pansi pa mtengo pamene odikilila odwala ankaphikila. Amama anali atamanga katundu, poto ndi bulangete, ng'ombe zili m'goli. Anthu anasonkhana, pakuti aSakala anali atawauza kuti kukubwela munthu amene Chizungu anachita kuyamwa.

"Alamu," anatelo aSakala, "limveni liwuli. Mukati ndi la makasu, tikunyamuka pompano. Nena, Esinati."

Ndinanena. Ambuya analibweleza kamodzi kokha, osaphonya mfundo. Anawelenga pa zala. Kenako anakhosomola, anakweza chibwano, n'kuyang'ana m'nthambi za mtengo. Nkhope imeneyo ndinkaidziwa, tanthauzo linali m'njila, ndipo aliyense wa kwathu ankadziwa tanthauzo limene lamulo lawo likanapeleka. Mwini ngolo, amene anatipelekeza, anali atagwila kale chingwe.

Koma maso awo anatsika, n'kugwela pa mwendo wanga, kenako pa nkhope yanga. Sananditchule mkazi wawo. Pambali pathu nyemba za mayi wina zinkabwata pa mafuwa.

"Alamu, liwu ili sindilidziwa."

aSakala anaseka pang'ono, kuseka kofuna kupulumutsa mnzawo. "Mwaiwala chabe, alamu. Njila yatalika. Apatseni madzi."

"Sindinaiwale. Sindilidziwa. Ndipo ambili a mawu amene ndimanena aja sindiwadziwa. Ndinkaona nkhope za azungu n'kuganizila."

"Nanga makasu? Nanga aDaka?"

"aDaka anafa ndi chifuwa. Liwu silinawaphe."

Munthu wina kumbuyo anaseka. "Ndiye Chizungu choyamwa chimenechi?" Ena anatsatila. Nkhope ya aSakala sindidzaiiwala. Sinali ya mkwiyo ayi, inali ya munthu amene wabeledwa ndi m'bale wake. Amama anagwada pamaso pa atate awo.

"Atata, ine za Chizungu ndilibe nazo kanthu. Mwana wanga afa kapena safa?"

"Ndikafunse," anatelo ambuya. "Ng'ombe zidikile."

Munthu amene anaima kumbuyo kwa mipando ya azungu zaka zonsezo anali asanafunsepo mzungu funso. Wanchito sankafunsa, ankayankha. Pamene ndinagona ndinkawaona ataima pa khonde la chipatala, chipewa pachifuwa, anamwino akuwadutsa uku ndi uku. Dokotala atatuluka, ambuya anamutsekela njila, ndipo pa mawu onse aatali amene anasunga, palibe limene linawathandiza. Anangoti, "Please, bwana." Kenako ananena liwu lija, n'kutambasula manja.

Dokotala anadabwa kumva nkhalamba yafumbi ikutchula liwu lake bwinobwino. Anaitana aMwale, ndipo onse atatu anabwela pa mphasa yanga, anthu n'kupatuka. Kudzela mwa aMwale, dokotala anati liwulo ndi mawu atatu omangidwa pamodzi. Loyamba ndi fupa. Lachiwili ndi mafuta a m'kati mwa fupa, aja timayamwa tikamadya nyama. Lachitatu ndi kutupa. Mafinya anali atasonkhana m'fupa langa, ndipo iye adzang'amba pang'ono kuti atuluke, kenako adzandibaya jakisoni masiku ambili. Mwendo sadzaudula. "Koma mukapita naye kumudzi," anamaliza aMwale, "mafinya alowa m'magazi, ndipo mukamuika."

Apa ndi pamene ndimaseka ndekha ndikakumbukila. Mdzukulu ali gone pa mphasa, anthu angowaseka kumene, koma ambuya maso anawala.

"Fupa, mafuta, kutupa? Basi? Nanga osangonena kuti bone bwanji? Fupa pa Chizungu ndi bone, limenelo ndilidziwa ndithu!"

aMwale anapeleka funsolo. Dokotala anamwetulila koyamba. Anati zidutswazo si Chingelezi n'komwe, ndi za mtundu wina wakale wotchedwa Agiliki. Madokotala anazibweleka kuti dokotala wa dziko lililonse akamva liwulo adziwe nthenda imodzimodzi, ndiponso kuti zinthu zitatu zinenedwe kamodzi.

"Kansi nawonso anachita kutola!" anatelo ambuya, akuwomba m'manja.

Dokotala ndi aMwale atabwelela m'kati, ambuya anatembenukila kwa alamu awo. "Mwamva. Ndi chithupsa cha m'fupa. Mwana atsala."

"Mwini mbumba ndine," anatelo aSakala motsitsa mawu, osawayang'ana. "Ndipo ndimvele ziti, alamu? Za dzulo kapena za lelo?"

"Za lelo. Za lelo ndafunsa."

aSakala anatembenukila kungolo. Amene anamaliza nkhani ndi amama. Anamasula katundu, anatulutsa poto, n'kupita kukapala moto kwa mayi wa nyemba uja. aSakala anakwela ngolo yopanda wodwala n'kubwelela kumudzi, ndipo nkhani yonse inafika nawo limodzi.

Anang'amba, mafinya anatuluka, jakisoni zinandiboola mpaka ndinasowa mbali yogonela. Ndinakhala kumeneko mpaka mitengo inaphuka masamba atsopano. Ambuya ankabwela pa njinga kawilikawili ndi mtedza wokazinga, koma kunena zoona, theka la ulendowo linali la aMwale. Ankawadikila pa nthawi yopuma, n'kukhala nawo pa khonde, n'kutulutsa liwu limodzi. Ena aMwale ankawadziwa, ena ankakafunsa kwa dokotala. Misappropriation linapezeka kuti mbuzi zinkaliyeneladi, pakuti ndi kutenga chimene si chako. Incomprehensible linapezeka kuti ndi chinthu chosamvetsetseka, ndipo ambuya anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana mchele wosalakwa!" Lalitali lija la pa mowa, dokotala anati ndi la mkangano wakale wa matchalitchi a kwawo, ndipo iye mwini sanaligwilitsepo nchito, anthu amangolisunga chifukwa cha kutalika. Limenelo linawakhumudwitsa. Anati ndi ng'ombe yaikulu yosalima.

Akatha ankabwela pa bedi langa kudzandigawila zimene apeza. "Ukudziwa, mkazi wanga, onsewa ali ndi timawu tating'ono m'mimba. Onse! Ine ndinkawadula kuti ndiwameze, osadziwa kuti mfundo iliyonse ili ndi nkhani yake." Ndiye tinkayamba kuyesa, liwu ili m'mimba muli chiyani, nanga ili, mpaka namwino kuwathamangitsa kuti odwala apume.

Za kumudzi sankanena. Anandiuza ndi ambuya aakazi atabwela kudzandiona. Anati pa mowa aSakala sawakokelanso pafupi. Anthu akamva liwu la ku Boma amapita nalo kwa aphunzitsi. Anyamata akawaona amakuwa kuti, "Ambuya, ili mwafunsa?" Chowawa koposa, akazi a malemu aDaka anasiya kuwapatsa moni. Ankati ambuya akanapanda kupukusa mutu tsiku lija, bwenzi iwo atabwelela ndi amuna awo kuchipatala m'malo mongodikila imfa. Ambuya anapita kukapepesa, anagwada pakhomo, koma chitseko sichinatseguke. Kasemasema kankagwabe kumango, anatelo ambuya aakazi, koma kankagwa kokha popanda mawu.

Tsiku lotuluka anabwela kudzanditenga pa njinga, amama akutsatila pansi ndi katundu pamutu. Ndinakhala pa kaliyala nditawagwila m'chiuno, mwendo wa bandeji ukulendewela. Titalowa m'mudzi tinadutsa pa nyumba imene panali mowa, ndipo wina anakuwa.

"Awo! aSindilidziwa abwela!"

Kuseka kunabuka. aSakala anali pomwepo, anangoyang'ana m'chipanda. Ndinamva msana wa ambuya ukuuma pansi pa manja anga. Zinandiwawa kuposa jakisoni, ndipo ndinayamba kulila.

"Ambuya, mukanangonena tanthauzo lililonse. Bwenzi sakukusekani."

"Bwenzi uli kuti iwe?"

Ndinayang'ana bandeji ya pa mwendo wanga. Kenako ndinafunsanso, pakuti kufunsa sindinkatopa nako. "Koma simuchita manyazi?"

"Ndichita, mkazi wanga. Kwambili. Ndipo sadzatha, ndidzafa nawo." Anaimitsa njinga pomwepo, pamaso pa anthu onse aja, n'kutsitsa phazi pansi. "Tsika. Yenda ndikuone."

Ndinatsika. Mwendo unali utawonda, unkanjenjemela, koma unaponda. Ndinayenda kuchoka pamenepo mpaka pakhomo pa amama, ambuya akukankha njinga pambuyo panga pang'onopang'ono, osacheukila kumowa.

Ananena zoona, ulemu wawo sunabwelele. Anamwalila Chitaganya chitatha, anthu akuwatchulabe dzina lachipongwe lija. Ine ndinapitiliza sukulu, ndinaphunzitsa ana ku Nyimba mpaka kupuma nchito, ndipo mpaka lelo ndikakumana ndi liwu lalitali pa botolo la mankhwala kapena m'nyuzipepala, sindikhazikika mpaka nditaona zimene zili m'mimba mwake. Pa msongolo panga pali chipsela chotalika ngati chala, chimene adzukulu anga amakonda kuchigwila akamapempha nkhani yake. Mwendo umenewu unandipititsa ku sukulu, ku ukwati wanga, ku malilo a ambuya, ndipo ndikudziwa chimene nkhalamba ija inataya kuti ine ndikhale nawo. Nyengo yozizila umawawa. Ndimaupaka mafuta, ndimadzuka, ndimayenda.